Gulo, Apongozi Ake ndi Madzi a Padenga

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse. Amene pakamwa pali chimanga chokazinga ingokhosomolani, ndimva.

Panali Gulo, buluzi wamkulu uja wokonda kuothera dzuwa. Gulo anakwatira Nachanza, mwana wa Mbuzi, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Musandifunse kuti buluzi anakwatira bwanji mbuzi. Kale pofunsira mbeta sankawerenga miyendo, ankamvera pakamwa, ndipo pakamwa Gulo anali napo. Katundu amene anabwera naye anali mkeka umodzi basi.

Apongozi ake akazi, a Nangozo, anali mbuzi yokalamba imene inasunga mwambo kuposa mmene inasungira mano. Pamwambo wa kumeneko mkamwini ndi apongozi ake akazi sankaonana maso ndi maso, ndiponso sankalankhulana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera kwa ankhoswe, ndiye ankhoswe a banja limeneli anali a Fulu. Mayendedwe a a Fulu mukuwadziwa. Moni wa Lolemba ankafika Lachinayi atazizira kale.

Mawu oyamba amene a Fulu anabweretsa kwa Gulo anali awa: "Akuti kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka mpiru, repu ndi chayinizi. Uzithirira. Ndiwo zikauma, unyamule mkeka wako. Ndiwo zikawadwalitsa, unyamule mkeka wako."

"Nanga zikakoma?" anafunsa Gulo.

"Zimenezo sananene. Ndibwerere ndikafunse?"

"Ayi khalani, ankhoswe, mungandipeze nditamera imvi."

Mvula ya chaka chimenecho inali yamwano. Inkagwa tsiku limodzi n'kupita kukacheza kwa abale ake mpaka anthu kuiwala nkhope yake. Mjigo unali kutali, ndowa inali yaikulu kuposa Gulo mwiniwake. Atayesa kamodzi kukatunga, anabwera ali m'ndowamo, Nachanza atamusenza pamodzi ndi madzi.

Gulo anakhala pansi nayang'ana shedi yamalata mmene apongozi ankasungira makasu ndi matumba. Anayang'ana denga, anayang'ana thambo, kenako anaseka yekha. Anang'amba nsungwi pakati, naimangirira m'mphepete mwa denga, nakunkhuniza mgolo kudzauimika kumene nsungwiyo inathera.

"Bambo," anatero Nachanza, "padengapo mwaonapo? Chilimwe chonse kwaya ya a Nkhunda yakhala ikuphunzirira nyimbo pomwepo, ndipo nkhunda sichoka pamalo osasiya chopereka. Sesanipo kaye. Madzi oyamba muwataye, amenewo ndi otsuka denga."

"Iwe Nachanza, ine nditaye madzi akumwamba? Madzi osapondapo pansi chibadwire? A pamjigo amene ukuwatamawo amachokera kumene tinakwirira agogo ako."

Si kuti Gulo sankadziwa. Gulo ankadziwa bwinobwino, ulesi wake ndiwo sunkadziwa.

Mvula inagwa, mgolo unadzadza madzi onga thobwa. Dzuwa litabwerera, Gulo anatenga chitini chobowola nayamba kuwaza pamasamba, uku akuimba. Inali nyimbo yotamanda madzi osayenda pansi, yoseka onse othyoka misana kumjigo, ndipo pothera pake inkapempha masamba kuti akule msanga, apongozi adye atatsinzina. Pofunika kuvomera ankavomera yekha ndi timawu tating'ono, poti Nachanza anakana.

A Nangozo, monga mbuzi, sankadikira mphika. Analowa m'dimba nadya mpiru uli chiimire, wosatsuka. Kutacha, m'mimba mwawo munayamba kulira nkhunda. Osati imodzi ayi, kwaya yathunthu: kumanja mawu aang'ono, kumanzere besi, pamchombo wina wotsogolera. Kuchimbudzi ankapita chothamanga, kubwerako chokwawa. Ana a pamudzi ankawatsata pambuyo akuvina.

"Akangopeza mphamvu aitana a Fulu," anatero Nachanza. "Mkeka wanu ndiupindiretu?"

Gulo anakwera padenga kwa a Nkhunda, akulu a kwaya, nafika ndi nkhope yakumaliro.

"Akulu a kwaya, pepani ndi zimene zakuonekerani."

"Zationekera n'zotani?"

"Simunamve? Mimba ya apongozi anga yatenga nyimbo zanu zonse. Anthu akuti besi yake ndi yokoma kuposa yanu, ndiponso siiwala mawu."

Kwaya yonse inauluka phaphapha, nikatera padenga la chimbudzi kukadzimvera yokha. Inamvetsera, inamvetseranso, akulu a kwaya misozi mbwe. "Zoona," anatero, "pamene ife timaphonya paja, iyi ikukhoza." A Nangozo atatuluka anapeza nkhunda zitagwada, zikuwapempha kuti alowe kwaya. Mayi amene chibadwire anthu ankawaletsa kuimba ngakhale pamaliro anapatsidwa duku loyera ndi mpando wakutsogolo. Za kuitana a Fulu anaiwala. Nkhunda nazo zinakhazikika kuchimbudzi komweko, kudikira nyimbo zatsopano.

Nkhunda zitachoka, denga la shedi linaonetsa dzimbiri lake lonse. Gulo anati izi n'zochepa. Anakatola kudzala chitini cha penti wakalekale, penti woti ngakhale Khwangwala, wotola chilichonse, anamusiya. Posowa burashi anaviika mutu wake m'chitinimo nayamba kukhula nawo malata. Denga linasanduka labuluu, mutu nawo wabuluu, ndipo mpaka lero sunasuluke.

Mitambo inayamba kusonkhana penti asanaume.

"Bambo, chotsani nsungwiyo," anatero Nachanza. "Penti ndi wamuwisi, ndipo zimene anathiramo opanga ake sitikuzidziwa."

"Thambo labuluu, denga labuluu. Madzi akatera aziona ngati akadali kwawo. Ukufuna ulemu woposa pamenepa?"

Anawazanso pamasamba, akuimba nyimbo yake ija. Ulendo uno anaonjezera ndime yonyadira kuti ndiwo za apongozi ake zavala suti pamene za anthu ena zikuyenda zobiriwira ngati osauka, koma pothera pake panali pomwe paja, popempha apongozi kudya atatsinzina.

A Nangozo anaima pa repu wabuluu, anamununkhiza, anakayika pang'ono. Koma mbuzi ndi mbuzi. Pofika madzulo lilime linali labuluu, ndevu zabuluu, mutu ukuzungulira, ndipo miyendo inkangoyenda chafutambuyo. Akafuna kupita kukwaya ankapezeka ali kuchigayo.

Apa ndiye a Fulu anaitanidwa. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda, Gulo mbali ino, a Fulu pachipata.

"Ankhoswe," anafulumira Gulo, "musanapite kukatenga mawu awo, nyamulani anga kaye, musayende kawiri. Onani mutu wangawu."

A Fulu anauyang'ana. "Wabuluu."

"Matenda omwewo. Nane andigwira. Ine kunyamula mkeka sindikukana, mkamwini asamakule mwendo. Koma kulikonse kumene ndikadutse anthu adzafunsa kuti mutuwo watani, ndipo ine sindinama. Ndidzati ndinautenga kwa a Nangozo, a mpando wakutsogolo kukwaya aja. Akuti kwawoko onse ndi otere."

A Fulu ananyamuka ndi mawuwo. Pamene ankamaliza kuzungulira mpanda, a Nangozo anali atawamva kale kudzera m'mipata ya udzu, atawalingalira, atagonapo tulo, atadzukanso. Yankho linabwera loti mkamwini asachoke pakhomo mpaka mutu utachira, angakachititse mtundu manyazi.

Koma Nachanza sanaseke. "Mwapulumuka ndi pakamwa, bambo. Tsiku lina pakamwa padzakhala patatupa. Ine ndikufuna mwamuna, sindikufuna malo pamene panali mkeka."

Mawu amenewa anamulowa Gulo. Anapala penti yense ndi phale, anasesa denga, anavindikira mgolo. Mvula ikayamba ankapatutsa nsungwi kuti madzi oyamba apite pansi, kenako n'kuibwezera. Pothirira ankawerama n'kuthira patsinde, osati pamasamba. Nachanza ankathyola ndiwo, kuzitsuka ndi madzi a pamjigo, n'kukapereka kwa amayi ake. Mpiru unakula masamba ngati makutu a njovu, ndipo m'mimba mwa a Nangozo munali zii, mpaka a kwaya anayamba kudandaula.

Gulo anatupa ndi matama. Anapita kwa a Fulu nati, "Kawauzeni apongozi kuti tsopano adye mosaopa. Ngakhale m'dimba momwemo, ngakhale zosatsuka, pakamwa ndi pawo."

A Fulu ananyamuka.

Kunabwera ng'amba ina, ulesi wa Gulo unabwera nayo limodzi. Padenga analeka kukwerapo. Sanadziwe kuti apongozi, atakhuthula chimanga, anatenga matumba aja othira mankhwala a anankafumbwe nawaponyera padenga ndi nyanga kuti awombedwe dzuwa. Mvula inagwa masana Gulo ali mtulo, nsungwi ili m'malo mwake, madzi oyamba ndi otsiriza onse mumgolo. Podzuka anati kuwerama kumapweteka msana, nawaza pamasamba monga kale.

Nyimbo inayamba bwino. Inatamanda madzi, inaseka a kumjigo. Koma isanafike popempha apongozi kutsinzina, inadukira pakhosi. Mbozi zinali kuthothoka pamasamba, kugwa chagada, osagwedezekanso. Chule amene analowa mumgolo kukasamba anatuluka maso ali gwa, nachitira sawasha khasu, nagwa.

Gulo anathamangira padenga. Matumba aja anali pomwepo, onyowa, akununkha mankhwala.

Izi sizinali za kwaya kapena za ndevu zabuluu. Izi zinali za maliro, ndipo mkamwini wopha apongozi sapatsidwa ndi mpata wopinda mkeka womwe. Nachanza anali atapita kuchigayo. Gulo analiyatsa liwiro, nawapeza a Fulu panjira, akadali pa ulendo uja.

"Ankhoswe! Mawu ena, amoto! Asadye ndiwo, muli mankhwala!"

"Ndamva, mwana wanga. Ndifika."

Apo n'kuti chitseko cha apongozi chikutseguka. A Nangozo anatuluka akunyambita milomo, kulunjika kudimba.

Gulo anabwerera ngati mphepo naima pachipata cha dimba, maso pansi. A Nangozo atamuona anadziphimba kumaso ndi chitenje napatuka monga mwa mwambo. Anazungulira kuti alowere pobowoka pa mpanda. Anapeza mkamwini ali pomwepo, maso pansi. Anapatukanso. Anayesa kudumphira pachulu, mkamwini ali pachulu. Dzuwa linapendeka iwo akuzungulirana, wina njala, wina wefuwefu.

Potsiriza a Nangozo anafulatira nalankhula kwa mtengo wa papaya. "Iwe papaya, anthu ena alibe ntchito kodi? Achoke panjira, eni dimba adye."

Gulo anatembenukira kwa khasu. "Iwe khasu, umuuze papaya kuti ndiwozo zili ndi mankhwala. Wodya afa."

"Papaya," anatero a Nangozo, "ine za khasu sindimva. Khasu linakhalapo liti pa chinkhoswe? Mawu a mkamwini amabwera ndi a Fulu."

Kukatenga a Fulu kunali kusiya chipata, kukhala pachipata kunali kudikira a Fulu mpaka mwezi utaoneka. Gulo anadziyang'ana yekha kuyambira kumutu, maso ake nakaima pa mchira.

"Iwe," anaunong'oneza, "nawenso ndiwe mkamwini. Unadya nawo za pakhomo pano."

Anaudula thu, nausiya pachipata ukuchita piringupiringu, iye nazemba chokwawa kuseri kwa mpanda. A Nangozo anasuzumira pansi pa chitenje, anaona mchira. "Akadali pomwepo," anadandaula kwa papaya, nakhala pansi chofulatira.

Gulo anagwira wilibala, anawapeza a Fulu, anawakweza osapempha.

"Mwana iwe, ankhoswe sakwera wilibala!"

"Lero akwera. Gwirani zolimba!"

Anawakhuthula pamaso pa apongozi, iye nabisala kuseri kwa mgolo. A Fulu anatulutsa mutu pang'onopang'ono, anakonza pakhosi, anaomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, mayi Nangozo?"

"Ndaswera, kaya inu a Fulu?"

"Ndaswera. Kunyumba kuno ana ali bwanji?"

"Ali bwino, kaya kwanuko?"

"Kwathu bwino, koma bondo ili. Linayamba chaka cha dzombe..."

Mchira pachipata unali utayamba kutopa. Unagwedezeka kamodzi, unapuma, unagwedezekanso mwaulesi ngati mwini wake, kenako unangoti zii. A Nangozo anauyang'anitsitsa.

"Kodi ndakhala ndikuchitira ulemu mchira wopanda munthu?"

Anaudumpha nalowa m'dimba. Gulo kuseri kwa mgolo anakuwa monong'ona, "Ankhoswe, mawu aja! Mawu!"

"Ndikufika pomwepo," anatero a Fulu. "Mayi Nangozo, ndatumidwa ndi mkamwini wanu. Mawu ndili nawo awiri, ndipo mawu amayenda pamzere, woyamba kubadwa ndiye woyamba kulowa m'nyumba. Oyamba akuti: idyani mosaopa, ngakhale m'dimba momwemo, ngakhale zosatsuka, pakamwa ndi panu."

"Ameneyo ndiye mwana waulemu," anatero a Nangozo, nayasamula kukamwa pa tsamba lalikulu la mpiru.

A Fulu anali akukokera mpweya wa mawu achiwiri. Gulo anaona kuti mpweyawo ukadzakwana, anthu adzakhala akukumba manda. Anadumpha, natera pa tsamba lomwelo, pakati pa mano awiri amene apongozi anatsala nawo. Maso ake ndi maso awo anakumana, tho.

"Amayi, musadye! Muli mankhwala a anankafumbwe! Matumba anu aja munaponya padenga, mvula yawatsukira mumgolo!"

Nkhunda zinaleka kuimba. Nachanza, amene ankafika kumene ndi ufa pamutu, anaima mwendo uli m'mwamba. A Nangozo anabwerera m'mbuyo, anaona mbozi zakufa, anaona Chule ali gone pafupi ndi khasu, anaona matumba awo padenga, anaonanso anthu onse akuona zomwezo. Manyazi anawagwira, ndipo manyazi a munthu wamkulu amatulukira mu mkwiyo.

"A Fulu! Wandiyang'ana m'maso. Wandilankhula pakamwa ndi pakamwa. Wanditchulira matumba anga pagulu. Kamuuzeni anyamule mkeka wake!"

Nachanza anatula ufa nayamba kulira. Gulo anatsika pa tsamba paja. Anayang'ana a Fulu, amene anali atayamba kutembenuka kuti amulunjike, mwendo umodzi, kenako unzake.

"Nachanza," anatero Gulo, "amayi anena chiyani?"

"Simunamve, bambo? Munali pomwepa!"

"Ine? Ine za apongozi sindimva. Mawu a apongozi amabwera ndi a Fulu."

Atatero anathamangira m'nyumba, anatenga mkeka wake, anakwera nawo khoma la shedi, nauyala padenga.

A Fulu anafika patsinde pa khoma, anayang'ana m'mwamba. "Tsika, mwana wanga, ndili ndi mawu ako."

"Kwerani, ankhoswe, mkeka ndayala kale."

"Ndinenere pansi pompano?"

"Mokuwa, ngati mukuitana galu? Mawu a banja? Inu ankhoswe akuluakulu?"

A Fulu anaganiza, naona kuti n'zoona, mawu a banja amanenedwa anthu atakhala pamkeka umodzi. Anakhala pansi kudikira.

Ndiwo zija Nachanza anazizula zonse nazikwirira, mgolo anautsuka, matumba anawatentha. A Nangozo anagona ndi njala, ndipo anadzuka ali moyo, chinthu chimene anachilingalira kwambiri. Patapita masiku anabwera kwa a Fulu patsinde pa khoma, nalankhula motsitsa.

"Mawu aja asiyeni. Kamuuzeni atsike, akhale."

"Ndamva, mayi. Amenewo ndi achiwiri. Ndikapereka oyamba aja, ndidzapereka awa."

"Tayani oyambawo!"

"Ine chiyambire unkhoswe sindinatayepo mawu a munthu. Komatu musade nkhawa, ndamva kuti kuseri kwa nkhokwe yanu kuli makwerero. Wina akandinyamulira, mawa lomwe ndikwera."

A Nangozo anapita kuseri kwa nkhokwe okha. Tsiku limenelo Nachanza anadabwa kupeza pamoto pali nkhuni zowongoka bwino, zina zili ndi misomali.

Gulo akadali padenga. Popeza ndi pogona pake, amasesapo mmawa uliwonse, ndipo nkhunda ikangoyerekeza kutera imamva za makolo ake. Mvula ikayamba amapatutsa nsungwi ndi phazi osadzuka pamkeka. Amene amathirira tsopano ndi Nachanza, poti mwamuna wake sangatsike, ndipo Gulo amamuuza ali pamwamba kuti awerame bwino, athire patsinde. Madzulo Nachanza amadumphira pamgolo n'kukwera ndi chakudya, mbale ina yochokera kwa amayi ake, imene amati anaphikira papaya koma papaya wakana.

Mukadzaona Gulo pamalata akutukula mutu n'kuutsitsa, akutukula n'kuutsitsa, musadzati akukupatsani moni. Akusuzumira ngati a Fulu apeza makwerero ena.

Nthano yaphwera pamenepa. Kaphuleni mbatata paphulusa, yaikuluyo ndi yanga.